Pamene Mliri Udaimitsa Ofufuza za Umoyo

Kwa inu abale ndi alongo athu a kunyanja, kuyambira ku Makanjira ndi ku Mangochi kufikira ku Salima ndi ku Nkhotakota. Tikulemba kuchokera kuno ku Mulanje, m'tsinde mwa phiri, kumene minda ya tiyi imayamba pamene chimanga chalekezera. Ife ndife ena mwa anthu aja mumawaona akuyenda khomo ndi khomo, chikwama kumsana, chiphaso pakhosi, akufunsa mafunso a zaumoyo. Tafuna kukufotokozerani zimene mliri wa COVID-19 udachita pa ntchito yathu, popeza ntchitoyi imakhudza mwana wanu ndi wathu yemwe.

Ambiri akamva zakuti kafukufuku amaganiza za madokotala a m'tauni oyang'ana tizilombo m'makina. Zimenezo zilipo ndithu, koma gawo lalikulu limachitikira pakhonde, pamkeka. Timafunsa kuti mayi woyembekezera amayenda mtunda wautali bwanji kuti akafike kuchipatala, ngati adakapeza mankhwala kapena adauzidwa kuti akagule, ndiponso ngati mwana adamaliza katemera wake kusikelo. Mayankho amenewa akasonkhanitsidwa ndiwo amauza boma kumene kukusowa anamwino ndi kumene kukusowa maneti. Popanda iwo, boma limafanana ndi msodzi woponya chilimira asadaone kumene usipa wasonkhana.

Kuno kwathu mliri udatipeza tili kale ndi bala. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu adayamba kugona panja, misewu idatsekedwa ndi miyala ndi zipika, ndipo anthu ena osalakwa adaphedwa. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Okutobala chaka chomwecho. Taganizani tsono za munthu amene ntchito yake ndi kubaya chala kuti ayeze malungo kapena kuchepa kwa magazi. Padatenga misonkhano yambiri ndi mafumu, mashehe, abusa ndi alangizi a zaumoyo kuti makomo ayambenso kutseguka.

Makomowo atangoyamba kutseguka, kudabwera Kolona. Pa 20 Malichi 2020 boma lidalengeza kuti dziko lili pangozi, sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo pa 2 Epulo kudapezeka anthu oyamba odwala matendawa m'dziko muno. Ntchito yathu idaima nthawi yomweyo, ndipo kuimako kudali koyenera. Munthu wolowa nyumba khumi pa tsiku angathe kunyamula matenda kuchoka kwa wina kukatula kwa agogo odwala shuga. Komanso boma lathu lili m'malire: anthu a ku Muloza ndi ku Limbuli amagulitsana zinthu ndi abale a ku Milange ku Mozambique tsiku ndi tsiku.

Koma kuima kwa ntchito ndi njala pakhomo. Ambiri mwa ofunsa mafunso, omasulira ndi oyendetsa galimoto amalembedwa kwa miyezi yowerengeka, ndipo ntchito ikaima malipiro nawonso amaima. Ramadhan ya chaka chimenecho idayamba kumapeto kwa Epulo, ndipo m'manyumba mwathu futari idali yowerengera. Anzathu ena adakayamba geni ya nanazi ndi nthochi pa Chitakale, ena adakalowa ganyu yothyola tiyi. Ntchito itayambanso, ena mwa iwo sadabwerere, ndipo adapita ndi luso lawo. Kudziwa kufunsa mayi wofedwa mwana popanda kumutonkhola pachilonda si chinthu chophunzira sabata imodzi.

Zimene zidatichitikira ife zidachitikiranso kafukufuku wamkulu wa dziko lonse. Kalembera wa za kachilombo ka HIV wotchedwa MPHIA adayamba mu Januwale 2020, adaima kwa miyezi yambiri, ndipo adadzatha mu Epulo 2021. Ofufuza ambiri adasamukira pa foni, ngakhalenso ofesi ya kalembera ya ku Zomba idayamba kufunsa mabanja pa foni m'chaka cha 2020. Njirayi idathandiza, koma ili ndi chilema chake. Foni m'mudzi kawirikawiri imakhala ndi bambo, pamene wodziwa kuti mwana adatsegula m'mimba masiku angati ndi mayi. Nkhalamba yopanda foni, kapena banja la kuseri kwa phiri kumene netiweki siifika, silimveka konse. Choncho amene ali pamavuto akulu ndiwo amene mawu awo adasowa m'mabuku. Ndiponso pa foni sungaone mapazi otupa a mwana, sungaone neti yang'ambika, sungamve kutsokomola kwa munthu wagona kuchipinda.

Kutsokomolako kudasanduka chinthu chobisa. Tidamva m'midzi anthu akunena kuti ukapita kuchipatala ndi chifuwa akakutsekera, ndipo ukafa abale ako sadzakuona. Motero ena odwala chifuwa chachikulu adakhala pakhomo, ndipo amayi ena adadumphitsa sikelo. Apa pali msampha umene wofufuza aliyense amauopa. Anthu akaleka kubwera, kaundula wa chipatala amaonetsa ngati matenda achepa, chikhalirecho odwalawo ali m'nyumba. Wowerenga manambala ali ku Lilongwe angasangalale pamene m'mudzi akukumba manda.

Sikuti ofufuza onse adapinda manja. Ambiri adatembenukira ku mliri womwewo. Ku Blantyre, akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ndi a College of Medicine adayeza magazi a ogwira ntchito zachipatala 500 pakati pa chaka cha 2020, ndipo adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi atatu aliwonse adali atakumana kale ndi kachilomboka. Kafukufuku wina, wa magazi a anthu opereka magazi mwaufulu, adaonetsa kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka adali atakumana nako. Apa ndi pamene tidadziwa kuti matendawa adayenda mwakachetechete kuposa mmene ziwerengero za tsiku ndi tsiku za pa wailesi zinkanenera. Pa chipatala cha Queen Elizabeth padamangidwanso makina opanga mpweya wa okosijeni. Zonsezi zidali zabwino, koma malungo ndi likodzo sizidapite kutchuthi. Manja ndi ndalama zikathamangira nyumba imene ikupsa, munda umatsala ndi udzu.

Januwale wa 2021 sitidzamuiwala. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri zidamwalira tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi m'bale wathu m'Chisilamu a Sidik Mia. Maliro adachuluka, ndipo kwa ife Asilamu chopweteka chidali kuona jeneza ikunyamulidwa ndi anthu ochepa, ndi mtembo ukukonzedwa motsata malangizo a chipatala m'malo mwa mmene tidazolowerera. Ifenso tidafedwa, tidadwazika, ndipo ena mwa ife anansi ankatizemba pachitsime poganiza kuti aliyense woyenda ndi achipatala wasenza matenda. Titabwerera m'midzi tidabwerera titavala zophimba pakamwa, titakhala patali, osapatsana moni wa m'manja. Mlendo wobisa nkhope, wokana dzanja, wofunsa za m'nyumba mwako, ndi wovuta kumukhulupirira.

Katemera atafika mu Malichi 2021 mphekesera zakale zidavala malaya atsopano. Ena ankati ndi woletsa kubereka, ena ankati wobayitsa sadzatha zaka ziwiri. Mu Meyi chaka chomwecho boma lidatentha katemera woposa 19,000 amene adatha mphamvu asadagwiritsidwe ntchito. Chimene tidaona ndi maso athu n'chakuti kumene shehe kapena mfumu adapinda mkono wa malaya nabayitsa anthu akuona, ife tinkalandiridwa ndi mpando. Kumene atsogoleri adakhala chete, tinkalandiridwa ndi chitseko.

Chipembedzo chathu sichidana ndi kufufuza kapena kusamala. Mbiri imatiuza kuti Khalifa Umar (Allah asangalale naye) ali pa ulendo wa ku Sham adamva kuti kumeneko kwagwa mliri, ndipo atafunsa maganizo a maswahaba adabwerera ku Madina. Sing'anga wa Chisilamu al-Razi, amene adakhala ndi moyo zaka zoposa 1,000 zapitazo, adasiyanitsa nthomba ndi chikuku chifukwa choyang'anitsitsa odwala ndi kulemba zimene ankaona. Imeneyo ndiyo ntchito yomwe ikuchitika lero pakhonde panu. Ngakhale Hajj ya 2020 idachitidwa ndi anthu ochepa okhala mu Saudi Arabia momwemo, pofuna kuteteza miyoyo.

Zipatso za kupirira tidaziona. Ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa adalowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi m'chaka cha 2018, ndipo ntchito yowatsatira idadutsa m'nyengo ya mliri. Katemerayo adapezeka kuti amateteza ana pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi, ndipo mu Meyi 2023 adayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Katemera wa malungo naye adayambira m'Malawi muno mu Epulo 2019, ndipo Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene adayambirira. Bungwe la WHO lidamuvomereza mu Okutobala 2021. Makolo amene adalola ana awo kulembedwa adathandiza ana a anthu amene sadzawadziwa.

WHO idalengeza mu Meyi 2023 kuti COVID-19 si ngozi ya dziko lonse monga kale, koma miliri siitha. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700, ena mwa iwo a kwanu kunyanja, ndipo namondwe wa Freddy adatigumulira midzi ndi milatho kuno mu Malichi 2023. Nthawi iliyonse yotere pamafunika anthu owerenga odwala moona.

Tsono wofufuza akafika pakhomo panu, muli ndi ufulu wonse. Mufunseni chiphaso, mufunseni ngati amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo akudziwa za kubwera kwake. Akuwerengereni kalata ya chilolezo m'Chichewa kapena m'Chiyao, akuuzeni kumene magazi kapena mayankho anu akupita. Kafukufuku woona amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu, ndipo kukana kwanu sikungakuletseni kulandira mankhwala kuchipatala. Mukafuna kukana, kanani ndi pakamwa, osati ndi mwala. Mukalola, yankhani zoona, pakuti bodza lonenedwa pamkeka limakasanduka shelefu yopanda mankhwala. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu ukukhudza ife ofunsa ndi inu ofunsidwa.

Allah awachitire chisoni onse amene adatisiya m'nyengo ya mliri, apereke machiritso kwa odwala, ndipo ateteze mabanja athu. Ameen.