Uloya wa cholembera, mkanjo uli pa msomali

Wakabaza amene amulanda njinga yamoto pa rodibuloko amafika ku ofesi kwanga ndi mawu awiri okha: "Bwana akana." Bwana wake uti, akana chifukwa chiyani, iye sadziwa. Ntchito yanga imayambira pamenepo.

Ndimamukhazika pansi n'kumufunsa: "Achimwene, linali tsiku liti? Wapolisiyo dzina kapena nambala yake munaiona? Nkhaniyi inalowa m'buku la apolisi la OB?" Kalisiti kamene kapindikapindika m'thumba la jekete timakawongola pa tebulo n'kukajambula. Kenako ndimalembera mkulu wa polisiyo, kutchula gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limati munthu amene chiganizo cha ofesi ya boma chakhudza ufulu wake apatsidwe zifukwa zake molemba. Zapakamwa zimasintha kukacha, koma zolembedwa mwini wake sangazikane.

Chovuta ndi kusankha khomo logogoda. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lomva madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, koma linagona papepala zaka khumi mpaka a Christopher Tukula atasankhidwa kulitsogolera mu 2020. Amayi a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu amene anachitidwa nkhanza mu 2019 analibe khomo limeneli. Bungwe la maloya achizimayi linawatengera ku bwalo lalikulu la milandu, kumene mu 2020 woweruza a Kenyatta Nyirenda analamula kuti apepesedwe.

Palinso ofesi ya Ombudsman. Ku ofesiyi ndi ku bungwe la madandaulo lija munthu atha kudandaula yekha popanda loya, ndipo ena amalongosola bwino kuposa ife. Kungoti amene wapwetekedwa mtima amayambira kutali, za ngongole ya njingayo, za ana amene agona ndi njala, pomwe wofufuza akufuna tsiku, dzina ndi lamulo limene laphwanyidwa.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi kalendala. Wofuna kuti bwalo lalikulu liunikenso chiganizo cha ofesi ya boma ali ndi miyezi itatu yokha, ndipo masikuwo amatha munthu akudikirabe yankho kwina. N'chifukwa chake tsiku lomalizalo ndimalilemba ndi inki yofiira pachikuto cha failo. Amene sangakwanitse kulipira loya ndimamulozera ku Legal Aid Bureau tsiku lomwelo, mapepala ake atasanjidwa kale.