Mphindi Zisanu Zausiku

M'caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti kuno ku Katete anali kubwera pakati pa usiku. Kompyuta yakale ya pasukulu pathu, imodzi yokhayo ya ana a Giredi 9, inali kukana RAM yatsopano. Mankhwala ake anali kuika BIOS yatsopano, kapulogalamu ka pa motherboard kamene kamadzutsa makina. Koma malaiti akathima nchitoyo ili mkati, kompyuta imatha kuferatu.

Ndinagona m'kalasi, fulashi ili m'thumba. Malaiti atabwera 2 koloko, ndinadina batani manja akunjenjemera. Kamzere kanakwawa mphindi zisanu, ine osaphethira.

M'mawa mtsikana wina wa ku Sinda anasuzumira pakhomo.

"Aphunzitsi, yacira?"

Ndinamukokera mpando. Analemba dzina lake ndi cala cimodzi.