Chitenje cha agogo mumzinda wa Edinburgh

Ndiloleni ndiwafotokozere anzanga owerenga za ulendo wa masiku atatu umene tinayenda mu June chaka chatha, ine, bambo a kunyumba ndi mwana wathu wamkazi yemwe panthawiyo anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu.

Timakhala ku Leeds, m'dziko la England, komwe tonse awiri timagwira ntchito yosamalira okalamba. Ntchitoyi ndi ya mashifiti. Ine ndikamalowa m'nyumba, iwo amakhala akumanga nsapato kuti azipita. Chibadwire mwanayu tinali tisanapiteko kulikonse tonse atatu, choncho titapeza masiku opuma ofanana tinati tisawataye. Tinasankha Edinburgh, likulu la Scotland, chifukwa kwa ife okhala kale ku Britain sikufunika viza, komanso dzinali tinayamba kulimva tili ku pulayimale.

Bambo analemba mndandanda wa malo khumi ndi awiri oti tikaone, aliwonse ndi nthawi yake. Ine ndinalongedza matewera, ufa wa phala, majuzi ndi chikuku cha mwana chimene tinagula ndi ndalama zambiri ndithu. Pansi penipeni pa chikwama ndinaikapo chitenje chimene mayi anga anatumiza kuchokera ku Ntcheu mwanayu atangobadwa. Ndinene zoona, chitenjecho ndinkangochiyala pakama. Kubereka mwana pamsewu wa ku Ulaya ndinkachita nako manyazi, poopa kuti anthu azinditembenukira n'kumati uyu wangotsika ndege dzulo.

Tinakwera sitima ya pamtunda Lachisanu m'mawa, ulendo wa maola pafupifupi atatu, ndipo mwana wosakwana zaka zisanu salipira. Titadutsa Newcastle njanji imayandikira nyanja, koma ine nyanjayo ndinangoiona mwa apo ndi apo chifukwa ndinali pakalikiliki kulondola mwana yemwe ankafuna kupereka moni kwa aliyense m'sitimamo.

Siteshoni ya Waverley ili m'chigwa pakati penipeni pa mzinda. Mukangotuluka, mbali ina mukuona masitolo a mumsewu wa Princes Street, mbali inayo nyumba zakale zakuda zitasanjikizana pamtunda mpaka kukafika pa linga la mafumu, Edinburgh Castle, lomwe linamangidwa pamwamba pa thanthwe. Pakati pake pali munda wa maluwa ndi kapinga. Mmenemo ndi momwe muli chiboliboli cha David Livingstone, atatambasula mkono, Baibulo lili m'dzanja. Bambo anaima pamenepo n'kuyamba kuphunzitsa mwana ngati ali m'kalasi: kuti munthuyu anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa kufupi ndi Glasgow, kuti anafika pa nyanja ya Malawi mu 1859, ndiponso kuti Blantyre wathu anatengera dzina pamenepo amishoni a Church of Scotland atakhazikitsa mishoni yawo mu 1876. Anawonjezanso kuti Kamuzu Banda anamaliza maphunziro ake a udokotala mumzinda womwewu mu 1941. Wophunzirayo anali atathawa kale, akuthamangitsa nkhunda.

Atatopa anagona m'chikuku, ife n'kukhala pabenchi kuti tidyeko kamba wathu. Mwadzidzidzi tinangomva kuti phuu! Mzinga walira kuchokera ku linga kuja. Mzingawu amauomba 1 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi, mwambo umene unayamba mu 1861 pofuna kuthandiza oyendetsa zombo kukonza mawotchi awo. Eni mudzi anangoyang'ana pamkono n'kumapitiriza ulendo. Wathu anadzuka ndi mfuu, ndipo tulo take ta masana tinathera pomwepo.

Mavuto enieni anayamba pokwera kupita ku mzinda wakale. Mapu a pafoni anatilowetsa m'kanjira kopanikiza pakati pa nyumba, ka masitepe okhaokha. Tinanyamula chikuku ngati machira, bambo kutsogolo ine kumbuyo, mwana akulira m'katimo, zikwama zikutikoka m'mapewa. Titafika pamwamba, mumsewu wotchuka wa Royal Mile umene umatsetsereka kuchoka ku linga mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyrood, tinapeza kuti mbali yaikulu ndi woyalidwa miyala. Chikuku chinkangonjenjemera ngati ngolo pamsewu wa kumudzi, ndipo tisanayende mtunda wautali tayala lakutsogolo linathyoka.

Usiku umenewo sunali wabwino. M'mwezi wa June dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndiye mwana ankaloza pazenera n'kumakana kugona poti kunja kunali kowala. Bambo anatulutsa mndandanda wawo n'kuwerenga kuti pa malo khumi ndi awiri taona amodzi okha.

"Ndalama zonsezi tawonongeranji? Bola tikanangokhala kunyumba," anatero.

"Bambo a mwana, kodi pepalalo munalembera ndani? Inu kapena uyu?" ndinafunsa.

Sanayankhe. Tinagona chofulatirana, aliyense akuwerengera mashifiti amene anagwira kuti ulendowu utheke.

M'mawa ndikufunafuna masokosi m'chikwama, dzanja langa linagwira chitenje chija. Kugula chikuku china kukanatitengera ndalama ya chakudya cha masiku otsalawo. Ndinawerama, ndinamuika mwana kumsana, n'kumanga monga ndinkamangira azing'ono anga ndili mtsikana. Manja anali asanaiwale. Mwana anayamba wadabwa, kenako anatsamira tsaya pakhosi panga n'kukhala chete.

Tsiku limenelo mzinda unasanduka wina. Masitepe omwe dzulo lake anatikhetsa thukuta ndinkakwera manja ali lende. M'chinamtindi cha alendo odzaona malo ndinkadutsa mosavuta. Mphepo yozizira itayamba, bambo anangotifunditsa jekete lawo tonse awiri. Tinaima kumvetsera mnyamata wovala siketi ya mwambo wa kumeneko akuimba chitoliro chawo cha thumba, ndipo ndinkamva timiyendo ta mwana tikuvina m'chiuno mwanga.

Anthu ankayang'anadi, monga ndinkaopera. Koma pamalo okwerera basi gogo wina wa komweko anandiyandikira n'kufunsa ngati angaone mmene ndamangira. Anazungulira kumbuyo kwanga, anagwira mfundo, kenako anandiuza kuti agogo ake ku Glasgow ankanyamula ana m'shawelo yaikulu yokulunga mayi ndi mwana pamodzi, uku akugwira ntchito za pakhomo. Anati masiku ano achinyamata amagula nsalu zonyamulira ana pamtengo wokwera n'kumakaphunzira kamangidwe kake. Ndinaseka, koma mumtima ndinachita manyazi a mtundu wina. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinali nditabisa mayi anga pansi pa chikwama kwa zaka ziwiri.

Masana tinalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya National Museum of Scotland, mumsewu wa Chambers Street. Kulowa n'kwaulere, muli zikepe zokwerera m'mwamba komanso malo osinthira mwana thewera. Mmenemo muli Dolly, nkhosa imene inabadwa mu 1996 asayansi a ku Roslin, kufupi ndi mzindawu, ataipanga kuchokera ku selo ya nkhosa ina yaikulu popanda yamphongo. Anaiumika n'kuiika m'bokosi lagalasi. Bambo anayambanso phunziro, koma mwana anangoti "Mee!" ndipo anthu onse oima pamenepo anaphulika ndi kuseka. Bambo nawo anaseka, anapinda pepala lawo lija n'kuliika m'thumba. Sindinalionenso.

Phiri la Arthur's Seat, lotalika mamita 251, tinangoliona chapatali. M'linga la mafumu sitinalowemo. Lamulungu m'mawa tinathera maola awiri pabwalo la masewera a ana m'munda uja, kunsi kwa thanthwe, mwana akukwera ndi kutsetsereka kosaleka, ife titakhala pabenchi limodzi tikumwa tiyi m'kapu imodzi. Tinakambirana zambiri zimene mashifiti anali atatilanda, kuphatikizapo zosunga ndalama kuti mwanayu akaone agogo ake asanayambe sukulu.

Kwa makolo anzanga ofuna kuyenda ndi kamwana, kaya ndi ku Ulaya kaya ku Mangochi, ndingoti sankhani malo amodzi patsiku, musaphwanye nthawi yake yogona, ndipo phala lake likhale pafupi. Zotsalazo adzakusankhirani yekha.

Chikuku chothyoka chija tinabwera nacho ndipo chili kuseri kwa chitseko mpaka lero. Tsopano ndikamapita kumsika wa Kirkgate kuno ku Leeds, mwana amathamangira kuchipinda, amakoka chitenje cha agogo ake n'kudzaima kutsogolo kwanga. Chingerezi ndiye chimamuchulukira pakamwa, koma apa amanena m'Chichewa chomveka bwino: "Amama, kumbuyo."