Nsupa ya Agogo

Mwezi wa Juni, mphepo yachisanu ikamawomba m'munsi mwa phiri la Ndirande, khungu limatuwa ndipo zidendene zimang'ambika. Nyengo imeneyi agogo aNaphiri ankakazinga nsatsi, kusinja, ndi kuwiritsa mpaka mafuta atayandama. Mdzukulu wawo ankanyansidwa ndi fungo lake. Iye anasankha mafuta oyeretsa khungu a kumsika, omwe anampsereza masaya.

Tsiku lina kusukulu anamva kuti Aigupto akale ankadzolanso mafuta ansatsi, ndiponso kuti mpukutu wa Ebers, wolembedwa cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe, umati amameretsa tsitsi. Pofika kunyumba anapeza nsupa ili youma, pakuti manja a agogo sankathanso kunyamula munsi.

Anagwada nati, "Agogo, tandiuzani, nsatsi zimakazingidwa mpaka pati?"