Giyabokosi ikayamba kumenya, musathamangire kugulitsa ng'ombe

Lero tisiye kaye za feteleza, tikambe za galimoto. Ambirife kuno kumudzi tikuyendera ma otomatiki ochokera ku Japan, ogula kwa munthu amene naye adagula kwa wina. Tsiku lina galimoto imayamba khalidwe lachilendo: mukaika pa D imati gu! Ikamachoka giya yoyamba kupita yachiwiri imakutumula ngati ng'ombe yokana goli. Pamenepo mawu amene mumamva ndi amodzi, akuti giyabokosi yatha, gulani ina.

Yanga ndi Toyota Probox ya 2005, yadutsa makilomita 280,000. Ndi imene imatenga kachewere wanga kupita naye ku Lizulu, ndiponso ndi imene anthu amadzagogodera usiku mayi woyembekezera akadwala. Ikaima, si banja langa lokha limene limavutika. Itayamba kumenya, makaniko wina adangoiyendetsa pang'ono n'kunditchulira mtengo wa giyabokosi ina. Mtengo wake unkafuna ng'ombe. Ndidapita kwa mkulu wina amene wakalambira pa ntchitoyi, ndipo iye adandiuza kuti, "Achimwene, tiyambe ndi zotchipa." Ndondomeko yake ndi imene ndikugawireni.

Choyamba ndi oyilo wa giyabokosi, uja amati ATF. Sayezedwa ngati wa injini ayi. Yendetsani galimoto mpaka itenthe, iimikeni pamalo osatsetsereka, injini ikulira. Pondani buleki, dutsitsani giya m'malo onse, mubwerere pa P. Kenako solani kandodo koyezera, kapukuteni, kabwezeni, n'kukasolanso. Oyilo afike pamene padalembedwa HOT. Akachepa giya imachedwa kugwira kenako n'kumenya, akachulukitsa amachita thovu, vuto limakhalanso lomwelo.

Dontheza pang'ono pa pepala loyera. Wabwino amakhala wofiira. Wa bulauni ndiye kuti wakalamba, akufunika kusintha. Wakuda, wonunkha ngati nsima yopserera, ameneyo akukuuzani kuti mkatimo zinthu zapsa. Akamaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, madzi a mu redieta alowamo, chifukwa oyiloyu amadutsa mu redieta kuti azizire. Zikatero musayendetsenso. Wanga adali wa bulauni komanso wochepa, chifukwa kapaipi kopita ku redieta kankadontha.

Chachiwiri, mtundu wa oyilo. Kufiira si umboni woti ndi woyenera. Pa kandodo ka galimoto yanga padalembedwa T-IV. Ma Corolla akale ambiri amafuna Dexron, Toyota zina zatsopanoko zimafuna WS, ndipo Probox za kuyambira 2014 zili ndi CVT, imene ili ndi oyilo wakewake. Wothira m'botolo la madzi akumwa, wopanda dzina, musiyeni kwa mwini wake.

Posintha, mkulu uja adakana zotsuka giyabokosi ndi makina. Galimoto yoyenda kwambiri imakhala ndi zinyalala zokhazikika, ndipo mukazivundula nthawi imodzi zikhoza kutseka tinjira ta oyilo. Iye adangotsegula pansi n'kukhetsa. Njira imeneyi satuluka yense, wotuluka sakwana ndi theka lomwe. Adachotsa chibeseni chapansi, adasintha sefa, adapukuta timaginito tokola tizitsulo. Phala lotuwa pa maginito si lodetsa nkhawa, koma mukapeza tizidutswa tonyezimira, nkhani yakula. Adayeza amene adatuluka n'kuthira wofanana naye. Nditayenda masabata angapo tidakhetsanso kachiwiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachitatu, si kumenya konse kumene kumachokera mu giyabokosi. Injini imakhala pa mipira yoigwira, ija amakaniko amati mamaunting'i. Misewu yathu ya fumbi ndi mabampu imaidula msanga. Tsegulani boneti, mnzanu aponde buleki mwamphamvu n'kumasintha D ndi R, inu mutaima pambali, osati kutsogolo. Injini ikamadumpha, mpira waduka. Pa yanga umodzi udali utang'ambika, ndipo gu! uja wa pa D adatha tsiku lomwelo. Mvetseraninso kalilidwe ka injini galimoto itaima. Ikamalira mokweza, giya iliyonse imalowa mwankhanza.

Chachinayi ndi zamagetsi. Giyabokosi yamtunduwu imalamulidwa ndi kompyuta, imene imadalira timasensa toiuza liwiro ndi mmene mwapondera mafuta. Kamodzi kakanama, giya imasintha pa nthawi yolakwika. Nyale ya injini ikayaka, kapena pa Toyota zakale nyale ya O/D OFF ikamaphethira, pitani kwa amene ali ndi makina oyezera. Kulipira kuyeza n'kotchipa kusiyana ndi kugula zitsulo mongoganizira. Eni ma Corolla a m'ma 1990, yang'anani kawaya kochokera pa injini kupita ku giyabokosi. Kakakungika kwambiri, giya imachedwa kusintha ndipo imamenya. Kumafuna sipanala basi.

Tsono pali mbali imene sitikonda kuimva, katundu. Probox idapangidwa kunyamula makilogalamu 400, amene ndi matumba 8 a makilogalamu 50. Anzanga amandiseka kuti ndimawononga petulo poyenda maulendo awiri, iwo akupakira matumba 15 n'kukhazika anthu pamwamba. Koma chimene chimapha otomatiki ndi kutentha, ndipo katundu wolemera pa zitunda ngati za ku Tsangano ndiye nkhuni zake. Pa chitunda muli ndi katundu, zimitsani O/D kapena ikani pa 2, kuti isamangosinthasintha. Mukatitimira m'matope, musamaponyere D ndi R matayala akuzungulira. Itanani anyamata akankhe, muwagulire zakumwa. Ndipo otomatiki sailiza mokankha, komanso kuikoka mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi kumaiwononga.

Sindikunena kuti giyabokosi siitha. Mukaponda mafuta injini n'kumalira koma galimoto osathamanga, oyilo ali wakuda, tizitsulo tili m'chibeseni, pamenepo konzekerani ndalama. Oyilo watsopano sadzutsa zimene zidapsa. Koma funsani makaniko wanu kuti, mwayeza oyilo? Mwaona mipira? Mwaika pa makina? Akakwiya ndi mafunso amenewa, tengani makiyi anu.

Yanga ikuyendabe. M'mawa kukazizira imasintha molimbirako pang'ono, ikatenthedwa imafewa, ndipo pa msinkhu wake sindiidandaula. Ndalama zidapita pa oyilo, sefa, kapaipi ndi mpira umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale anga.

Amene muli ndi otomatiki, mawa mukabwera koyenda solani kandodo kaja, mundiuze mtundu umene mwapeza. Zabwino zonse, tionana kudimba.