Pa Masintha, fumbi ndi mpira

Mukauza wakabaza pa depoti ya Lilongwe kuti akusiyeni pa Masintha, safunsa kawiri. Amangoti "Kwerani bwana," basi ulendo wa ku Kawale. Ine ndinafikako Loweruka masana m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Amene simunafikeko mwina dzinali munalimvera pa wailesi nthawi ya kampeni. Zipani zimakonda bwaloli chifukwa lili pakati pa anthu: a ku Kawale, Biwi, Mchesi ndi Chilinde amangoyenda wapansi. Ndi pomwepa pamene malemu Saulos Chilima anakhazikitsira UTM pa 21 July 2018. Koma andale amabwera tsiku limodzi n'kupita. Masiku enawo bwaloli ndi la mpira.

Musayembekezere za ku Bingu National Stadium ku Area 48, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 2017 ndipo limalowa anthu oposa 40,000. Kuno kulibe mipando yokwera m'mwamba, ndipo udzu wake ndi wochita kuwerenga. Oonerera amaima m'mbali mwa mzere, ndipo mpira ukakoma amasunthira mkati pang'onopang'ono mpaka woimbira aimitse masewero kuti abwerere. Chigoli chikalowa, ana amathamangira m'bwalo, fumbi kuti kobo! Kwa mphindi ndithu simuona kuti wagoletsa ndani. Kumbali kuli amayi a zitumbuwa ndi mafirizi, ndiponso mkulu wina amene amadziwa bwino kuposa kochi. Ameneyu sasowa pa bwalo lililonse.

Ndinaima pafupi ndi mnyamata wina amene anali kumanga nsapato yong'ambika ndi selotepi. Ndinamufunsa ngati nthaka youma chonchi simupweteka. "Achimwene, mawondo anazolowera," anatero. Chomwe chimamuwawa n'china. Msonkhano waukulu ukachitika, iwo amataya masiku a maphunziro a mpira, ndipo m'mawa mwake amayamba ndi kutola mabotolo ndi kukwirira maenje a mapolo a matenti. Bondo likalowa m'dzenje lotero, sizoni yatha, ndipo palibe wolipira kuchipatala.

Chikhalirecho sasiya. Njira yake akuidziwa: kuoneka bwino m'mipikisano ya m'madera, kutengedwa ndi timu ya ligi ya Central Region Football Association, kenako Super League. Mabwalo amene amawalota sali kutali n'komwe. Civo ili ku Area 9, Silver Stadium ya Silver Strikers ku Area 47, Nankhaka ya Blue Eagles ku Area 30. Pa minibasi ndi ulendo waufupi, koma pa mpira pamatenga zaka, ndipo ambiri amathera panjira.

Itakwana 5 koloko, timu yake inali itagonja 2-1. Anavula nsapato zija n'kupatsa mnzake wa masewero a mawa, iye n'kuvala masilipasi kulowera ku Biwi.