Chigamba cha Pakhoma Langa

Amayi anzanga, khoma la nyumba likasenduka, alendo sayang'ana bambo ayi. Maso onse amakhala pa ife eni khomo.

Kuno ku Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo umathira m'Shire, madzi osefukira si achilendo. Adatipeza mu Januwale 2015, adabweranso ndi namondwe wa Ana mu 2022, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adawalowetsa m'nyumba mwathu kulekeza m'mawondo. Nyumbayo, pokhala ya njerwa zootcha, idapirira. Koma madzi ataphwa, pulasitala wa m'munsi adayamba kutupa, kutuluka ufa woyera, ndi kumagwa zibenthuzibenthu.

Tsono mwezi wa Meyi kudali chinkhoswe cha mwana wathu wachisamba. Manyazi adandigwira. Ndidagulitsa mbuzi yanga n'kugula matumba awiri a simenti, ndipo ine ndi mnyamata wanga tidamata pamwamba pa zotupazo tsiku limodzi lokha, n'kupakapo laimu. Alendo adayamikira ndithu. Koma pofika mu Ogasiti zigamba zonse zidali pansi, mbuzi nayo itapita.

Apongozi anga aakazi, amene akhala akuzira nyumba moyo wawo wonse, adaima n'kuyang'ana khomalo nthawi yaitali. "Mwana wanga," adatero, "kodi chilonda amachimanga mafinya ali momwemo?" Adatenga mpini n'kumagogoda. Pena pamamveka kulimba, pena pamalira ngati chikho chopanda kanthu. "Paliponse polira chotere, khoma ndi chovala chake zidasiyana kale."

Mmisiri amene tidamufunsa adavomereza mawuwo. Njerwa zikamwa madzi zimatenga miyezi kuti ziume, ndipo madziwo potuluka amanyamula mchere, umene ndi wochuluka m'nthaka yathu ya kuchigwa. Mcherewo ukaumira kuseri kwa pulasitala umamukankha mpaka agwe. Ine ndidaphimba khoma likadali lonyowa.

Tidadikira mpaka Okutobala. Ine ndi bambo a kunyumba tidagumula ponse polira, kupitirira pamene padalekeza madzi, ndipo tidasesa mchere ndi tsache louma. Mchenga tidatenga wa kumtsinje, wosefa bwino, wopanda dothi: ndowa zisanu pa ndowa imodzi ya simenti. Tisanamate tinkayamba tawaza madzi pakhoma, kuti njerwa zisamwe madzi a m'matopewo. Tinkagwira ntchito m'mamawa ndi madzulo okha, popeza dzuwa la kuno limaumitsa simenti isanagwire. Kwa masiku asanu ndi awiri ndinkathirira chigambacho ngati mbewu ya kudimba, ndipo laimu tidapaka patapita milungu ingapo. Pomaliza tidakweza dothi m'mbali mwa nyumba ndi kukumba ngalande, kuti madzi a padenga asamaime patsinde pa khoma.

Mvula yagwapo kuyambira pamenepo, koma chigambacho chikadalipo. Ruo akadzakwiyanso sindingamuletse, komabe tsopano ndikudziwa choyenera kuchita akadzabwerera m'malo mwake.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Choncho amayi, khoma lanu likayamba kusenduka, musathamangire kusitolo chifukwa cha maso a anthu. Yambani mwagogoda, mumve pamene pakulira, mufufuze kumene chinyezi chikuchokera, ndipo mulilole liume. Alendo amabwera n'kupita tsiku lomwelo, koma m'nyumbamo mutsala ndinu ndi ana anu.